Nyimbo imodzi, kamvekedwe kosiyana: Kodi kukoma kwake kumatayikira pati?

Tsiku la msika pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, khutu silipuma. Mbali ino mnyamata woika nyimbo m'mamemori khadi watulutsa sipika pakhomo pa kashopu kake. Mbali inayo minibasi yodikira anthu opita ku Lilongwe yatsegula wailesi. Pakati pa milu ya kachewere ndi kabichi, wina akumvera yake pa foni.

Nthawi zina onse atatu amakhala akuliza nyimbo imodzimodzi ya amapiano, koma wotchera khutu aona kuti sizikufanana. Pa shopu paja besi ikunjenjemeretsa malata mpaka mawu a woimba akwiririka. M'minibasi nyimboyo ikulira ngati ili m'chitini. Pa foni besi palibiretu, kwangotsala kung'ung'udza.

Ambiri akamva nyimbo isakukoma amathamangira kunena kuti sipika ndi yaing'ono, ndipo akapeza ndalama amakagula yaikulu. Koma kawirikawiri kukoma kwa nyimbo kumakhala kutatayika kale isanafike pa sipikapo. Nyimbo imayenda ulendo wautali kuchoka m'situdiyo kufika m'khutu, ndipo chomwe chagwa panjira palibe chipangizo chingachitole, ngakhale chidule motani.

Nyimbo zobadwira m'makina

Nyimbo zambiri zomwe achinyamata akuvina lero sizichokera ku gitala, ng'oma yachikopa kapena bandi yokhala pamodzi. Zimapangidwa ndi mphamvu ya magetsi, m'makina kapena m'kompyuta. Ku America, Robert Moog adaonetsa makina ake opanga mawu a zoimbira mu 1964, ndipo mu 1980 kampani ya Roland ya ku Japan idatulutsa makina oimba ng'oma otchedwa TR-808, omwe besi yake yakuya ikumvekabe m'nyimbo za hip hop mpaka lero. Ku Chicago kudabadwa house, ku Detroit kudabadwa techno, ndipo ku South Africa kudatuluka kwaito m'zaka za m'ma 1990, kenako gqom ya ku Durban ndi amapiano ya m'matauni a Johannesburg ndi Pretoria.

Kuno kwathu zimenezi si zachilendo monga ena amaganizira. M'boma loyandikana ndi Ntcheu la Balaka, komwe kudachokera Alleluya Band, Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, kiyibodi ndi ng'oma za makina zidali kale msana wa nyimbo zambiri zomwe zidadzaza makaseti m'zaka za m'ma 1990. Mu 2009 Esau Mwamwaya, ali ndi gulu la The Very Best lomwe adalipanga ndi anzake ku London, adatulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa chophatikiza Chichewa ndi zoimbira za makina. Lero mnyamata wokhala ndi laputopu ndi pulogalamu ya FL Studio, yopangidwa ndi kampani ya ku Belgium, angathe kumaliza nyimbo yonse ali m'chipinda chogona.

Pali anthu ena amene nkhawa yawo sithera pa kukonda nyimbo, koma imafika pa momwe nyimboyo ikumvekera. M'Chingerezi amawatcha ma audiophile. Amafuna kumva chilichonse chomwe chidajambulidwa, popanda chochotsedwa kapena chowonjezedwa. Pa nyimbo ya gitala kapena kwaya, muyeso wawo ndi wosavuta: chojambulidwacho chifanane ndi momwe oimbawo adamvekera pamaso. Nanga nyimbo yobadwira m'kompyuta, yomwe sidamvekepo m'bwalo lililonse, tingaiyerekeze ndi chiyani? Muyeso wokhawo ndi zomwe wojambula adamva m'situdiyo tsiku lomwe adati yatha. Funso lonse lagona pamenepo: pa zomwe iye adamva, zafika kwa ife ndi zingati?

Chifukwa chomwe foni imadyera besi

Mawu ndi kugwedezeka kwa mpweya. Kugwedezekako kumawerengedwa mu ma hertz, kutanthauza kuti mpweya wagwedezeka kangati pa sekondi. Khutu la wachinyamata wathanzi limamva kuyambira pa ma hertz 20, omwe ndi mawu akuya kwambiri, kufika pa 20,000, omwe ndi opyapyala kwambiri. Munthu akamakula, mawu opyapyalawo ndiwo amayamba kumusowa.

Besi yomwe imagwedeza pachifuwa m'nyimbo za amapiano, ija amaitcha log drum, imatsika mpaka pansi pa ma hertz 100. Popeza mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, funde limodzi la ma hertz 50 limatalika pafupifupi mamita 7, kuposa chipinda cha nyumba zambiri. Kuti sipika itulutse funde lotere iyenera kukankha mpweya wochuluka, ndiye chifukwa chake masipika a besi amakhala aakulu kukamwa ndi a bokosi lakuya. Kasipika ka foni, kochepa ngati chikhadabo, sikangathe ntchito imeneyi ngakhale mutakakweza mpaka pamapeto.

Ojambula nyimbo ochenjera amadziwa kuti omvera awo ambiri ali pa foni. Choncho pamwamba pa besi yakuyayo amaonjezapo timawu tina tokwererapo toyenda nayo limodzi. Foni imatulutsa timawuto, ndipo ubongo wa womvera umadzaza wokha pamene pasowa. N'chifukwa chake nyimbo ina imamveka yodzaza ngakhale pa foni, pomwe ina, yomwe m'situdiyo idali yoopsa, imangoti mbee ngati phala lopanda mchere.

Kukula kwa fayilo ndi zomwe zimatayidwa

Malo achiwiri otayikirapo mawu ndi fayilo yomwe nyimbo yasungidwamo. CD itatuluka mu 1982 idabwera ndi muyeso womwe ukugwirabe ntchito: makina amayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo zonse pamodzi zimakwana ma kbps 1,411. Nambala ya kbps imasonyeza kuchuluka kwa uthenga womwe ukudutsa pa sekondi. Pa muyeso wa CD, nyimbo ya mphindi zinayi imadya ma MB pafupifupi 42.

Fayilo yotere idali yolemera kwambiri pa intaneti ya masiku amenewo. Akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany, mmodzi mwa iwo Karlheinz Brandenburg, adatsogolera ntchito yopanga njira yochepetsera, yomwe mu 1995 idapatsidwa dzina la MP3. Nzeru yake idatsamira pa kufooka kwa khutu la munthu. Mawu amphamvu akamveka, amaphimba mawu ofooka oyandikana nawo, monga momwe kulira kwa chigayo kumamezera kunong'ona. MP3 imafufuza mawu ophimbikawo ndi kuwataya.

Vuto limabwera pa kuchuluka kwa zotayidwa. Nyimbo ija ya mphindi zinayi ikasungidwa pa ma kbps 320 imatsala ndi ma MB pafupifupi 10, ndipo anthu ambiri akaimva osauzidwa amalephera kuisiyanitsa ndi CD. Pa 128 imatsala ndi ma MB osakwana 4, kutanthauza kuti mwa magawo 11 latsala limodzi. Pa 64 imatsala ndi ma MB 2 okha. Apa zotayidwa sizikhalanso zobisika: timawu topyapyala ta zitsulo ndi maseche timayamba kuwaza ngati madzi m'chiwaya, kugunda kwa ng'oma kumafota, ndipo kutambalala kwa nyimbo kumafinyika. Nyimbo za makina zimavulala msanga chifukwa zimadalira kugunda kwakuthwa kobwera mwadzidzidzi, komwe MP3 yofinyidwa kwambiri imakusandutsa chimbuuzi.

Palibe chodabwitsa kuti mafayilo aang'onowa ndiwo afala. Bandulo ndi yodula, ndipo kasitomala wa pa Kampepuza kapena pa mphambano ya Tsangano amafuna kuti kakhadi kake kalowe nyimbo mazanamazana. Woika nyimbo akapatsidwa khadi laling'ono, njira yachidule ndi kuzifinya.

Pano pali zinthu ziwiri zomwe anthu amasokoneza. Kukopera fayilo kuchoka pa kompyuta kupita pa fulashi, kapena pa foni kupita pa foni ina, sikuchotsa kanthu, ngakhale mutakopera kambirimbiri. Chomwe chimawononga ndi kuisintha: kuichotsa pa kanema wa pa YouTube, kuichepetsa kuti ikwane, kuiika pa kanema wa pa WhatsApp, wina n'kuichotsanso pamenepo. Ulendo uliwonse wotere makina amatayanso zina, monga fotokope ya fotokope imene zilembo zake zimanka zifufutika. Ndipo kutenga fayilo ya 128 n'kuisandutsa ya 320 kumangoikulitsa thupi, osabweza kanthu. Madzi akatayika saoleka.

Ofuna zonse zisatayike amasunga nyimbo mu WAV kapena FLAC. FLAC imachepetsa fayilo ndi pafupifupi theka koma osataya mawu ngakhale amodzi. Apple Music idayamba kupereka nyimbo zosafinyidwa motaya mu 2021, chaka chomwenso Spotify idayamba kupezeka m'Malawi. Komabe dziwani kuti Bluetooth nayo imafinya mawu pamene ikuwatumiza ku sipika kapena ku mahedifoni, kotero fayilo yabwino koposa kawirikawiri sifika yonse ikadutsa pa Bluetooth.

Mpikisano wa kukweza

Zina zimatayikira m'situdiyo momwemo. Nyimbo ziwiri zikamveka motsatizana, khutu limafulumira kukonda yokwera. Podziwa izi, kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani a nyimbo m'maiko ambiri adalowa mpikisano wokweza nyimbo zawo kuposa za anzawo.

Koma fayilo ili ndi denga lomwe mawu sangapyole. Kuti nyimbo imveke yokwera, wojambula amapsinja pamene pakwera kwambiri ndi kukweza pamene patsika, mpaka zonse zifanane. Akapitirira muyeso, nsonga za mafunde a mawu zimadulika, ndipo chomwe chimamveka ndi kuthetheka. Nyimbo yotere imakopa masekondi oyamba, koma ikatha mphindi zingapo khutu limatopa. Ng'oma imakoma chifukwa pakati pa kugunda ndi kugunda pamakhala mpata. Mpata ukatsekeka, chatsala ndi phokoso.

Masiku ano mpikisanowu ulibenso phindu lomwe udali nalo. Spotify ndi YouTube zimatsitsa zokha nyimbo zokwera mopitirira kuti zifanane ndi zinzake. Woimba yemwe adapha kugunda kwa nyimbo yake pofuna kukwera amapezeka wataya zonse ziwiri. Ili ndi phunziro kwa achinyamata omwe akutsegula masitudiyo ang'onoang'ono pa boma la Ntcheu ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1. Woimba aliyense akamaliza kujambula ayeneranso kuitanitsa fayilo ya WAV ndi kuisunga malo awiri, osakhutira ndi MP3 yomwe amutumizira pa foni. Tsiku lomwe wailesi, kampani ya kunja kapena wopanga filimu adzafune nyimboyo, adzafunsa imeneyo.

Sipika, magetsi ndi chipinda

Tikafika pa sipika, chonyenga choyamba ndi manambala olembedwa pa katoni. Wailesi yonyamulika m'manja imalembedwa mawati zikwizikwi, pambali pake pali zilembo za PMPO. Nambala imeneyi ilibe muyeso wogwirizana, kampani iliyonse imalemba momwe yafunira. Yodalirika ndi ya RMS, yomwe imasonyeza mphamvu imene chipangizo chingatulutse mosalekeza, ndipo kawirikawiri imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi inayo. Magetsi othwanima ndi bokosi lalikulu sizitsimikiza kanthu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri ndi ampulifaya. Ikakakamizidwa kupyola mphamvu yake, imadula nsonga za mawu monga zimachitikira m'situdiyo muja. Besi ndiyo imadya magetsi ambiri, choncho pa ukwati kapena chinkhoswe cha kumudzi, batire la sola likayamba kufooka kapena jenereta ikachepa mphamvu, nyimbo imayamba kuthetheka pamene besi yagunda. Woliza nyimbo osadziwa amaonjezera kukweza, ndipo timasipika tating'ono ta mawu opyapyala timapsa. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Chachitatu, chomwe ambiri sachiganizira, ndi chipinda. Simenti, magalasi ndi malata opanda siling'i zimabweza mawu, ndipo obwererawo amasakanikirana ndi atsopano. Sipika ikaikidwa pakona besi imachuluka koma imataya maonekedwe, imangokhala mkokomo. M'chipinda chomwecho, pena besi imamveka yopitirira, pena imasowa, malinga ndi momwe mafunde aatali aja akukumanirana. Makatani olemera, mipando ya nsalu, mphasa kapena kalapeti pansi, kuchotsa masipika pakona, kuwakweza kuti alingane ndi makutu, ndi kukhala pakati pawo, zonsezi zimasintha kamvekedwe kuposa kugula chipangizo chatsopano, ndipo zambiri mwa izo sizilira ndalama.

Ngakhale pakati pa ma audiophile pali mikangano. Ena amalumbirira mbale zakuda zakale zija zoliza ndi singano, kunena kuti mawu ake ndi ofunda. Ena amagula mawaya a mtengo wa njinga yamoto, kapena mafayilo oyeza mawu maulendo 96,000 pa sekondi. Sayansi yake ndi yakuti muyeso wa CD umasunga mawu mpaka ma hertz pafupifupi 22,000, kupyola kale pomwe khutu la munthu limalekezera. Miyeso yapamwamba imathandiza wojambula pamene akusakaniza nyimbo, koma kwa womvera wamba phindu lake ndi lochepa. Munthu wa ndalama zowerengeka ayambe ndi fayilo yabwino, kenako mahedifoni abwino a waya, kenako akonze chipinda. Zotsalazo zidikire.

Ngoma ya lero, makutu a mawa

Nkhaniyi sikhudza chisangalalo chokha. M'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, Hugh Tracey adayenda m'dziko muno, pomwe linkatchedwa Nyasaland, akujambula nyimbo za m'midzi ndi zipangizo zabwino za nthawi imeneyo. Zomwe adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, nkhokwe yomwe adaiyambitsa mu 1954 ndipo lero ili pa Rhodes University ku South Africa. Mu 2016 gulu la Beating Heart lidapereka zina mwa nyimbozo kwa akatswiri a nyimbo za makina, omwe adaziumbanso kukhala chimbale cha nyimbo zovina zamakono. Pali mafunso oyenera kufunsa pa za mwini weniweni wa nyimbo zotere ndi amene amapindula nazo. Koma mfundo imodzi ndi yoonekeratu: mawu a agogo athu adatha kugwiranso ntchito patapita zaka pafupifupi 60 chifukwa adajambulidwa ndi kusungidwa mosamala.

Tsono taganizirani za Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko, womwe umachitika chaka ndi chaka ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V. Amene adaimapo pafupi ndi bwalo pamene amuna akuvina ngoma amadziwa kuti gule ameneyu samveka ndi makutu okha. Mapazi akamenya nthaka pamodzi, mgugu wake umadutsa pansi n'kukwera m'miyendo ya woonera. Imeneyo ndi besi yeniyeni, yomwe idalipo makina asanabwere.

Pa tsikulo mafoni mazanamazana amakhala m'mwamba akujambula. Koma maikolofoni a foni adakonzedwera mawu a munthu wolankhula pafupi. Mgugu uja amaugwira pang'ono chabe, phokoso likakula amatsamwa, ndipo kanemayo akadutsa pa WhatsApp ndi Facebook amafinyidwanso. Ngati zomwe tikusungira adzukulu ndi zokhazi, adzaona nthenga ndi zishango, koma sadzamva chomwe chinkanjenjemeretsa nthaka. Mabungwe a chikhalidwe, nyumba zoulutsira mawu ndi masukulu a ukachenjede ali ndi chifukwa chokwanira chojambulira miyambo yotere ndi maikolofoni oyenera, n'kusunga mafayilo osafinyidwa m'malo oposa amodzi.

Pa woimba wamoyo, nkhaniyi ndi ya mbale ya nsima. Nyimbo yomwe adalipirira situdiyo ikamazungulira ili yofinyidwa ndi yothetheka, omvera amaweruza iye ndi womujambula pa mlandu womwe sadapalamule. Ndipo ikakhala kuti yakopedwa popanda chilolezo, iye sapezapo kanthu, ngakhale lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito yake.

Chipangizo chosagulika

Kumapeto kwa ulendo wonsewu kuli khutu, ndipo ndilo lokhalo lopanda sitolo. M'kati mwake muli timaselo tokhala ndi tiubweya tomwe timasandutsa kugwedezeka kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo cha kuwonongeka makutu kaamba ka kumvera mokweza. Malinga ndi malangizo ake, munthu wamkulu angamvere mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma pa madesibelo 90 nthawiyo imatsika kufika pa maola 4, ndipo pa 100 imangotsala mphindi pafupifupi 20. M'malo ovinira ndi pa madansi a usiku, kufika pa 100 si chinthu chachilendo.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu si odutsa, koma okhala pomwepo: mnyamata wa pa shopu uja yemwe sipika ili pambali pa mutu wake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, woliza nyimbo pa maukwati, wogulitsa m'bala, ndi ana omwe amakonda kuvinira kukamwa kwenikweni kwa sipika. Chizindikiro choyamba ndi kulira kwa m'makutu pambuyo pa dansi, kapena kumva ngati mwatsekeka thonje. Ngati munthu ali pafupi nanu koma mukuchita kukuwa kuti mumvane, phokosolo lapitirira.

Apa pali mgwirizano womwe ambiri sauona. Nyimbo ikakhala yofinyidwa ndi yosamveka bwino, dzanja limapita lokha kukakweza, kufunafuna kukoma komwe mulibemo. Nyimbo yoyera imakhutiritsa isanafike pamwamba. Choncho fayilo yabwino imateteza sipika, thumba ndi khutu nthawi imodzi.

Mukadzaimanso pa Lizulu kapena pa shopu ya kwanuko kuti akuikireni nyimbo, funsani kukula kwa mafayilo musanapereke khadi. Nyimbo ya mphindi zinayi ikakhala ya ma MB 2, dziwani kuti gawo lalikulu la zomwe wojambula adamva m'situdiyo latsala m'njira. Ndi bwino kubwerera kunyumba ndi nyimbo 200 zomveka kusiyana ndi 1,000 zothetheka.